Tsiku Limene Wapaphiri Anakwera Minibasi

Chaka chatha, ndili Fomu 3, ndinatsala pang'ono kuwalanditsa amalume anga chiphaso cha wailesi. Ndayambira pamenepa dala, kuti ofuna kundiweruza aweruziretu, ine ndipitirize nkhani yanga.

Ndimakhala kwa amalume ku Nkolokosa. Kwawo ndi ku Nsanje, ntchito amagwira ku Limbe yokonza mawaya a njanji, koma mtima wawo uli m'kachipinda ka kuseri mmene muli mawailesi. Osati wailesi yomvera mpira ayi. Iyi ndi yolankhulira, yoti munthu uli ku Nkolokosa ucheze ndi mnzako ali ku Thyolo kapena kutsidya kwa nyanja popanda foni. Kuti uigwire pamafunika chiphaso cha boma, ndipo wachiphaso aliyense amapatsidwa nambala yake yodziwikira pa mphepo. Nthawi ya chipani chimodzi kunabwera anthu pa galimoto n'kuwalanda amalume zonse, ati munthu wolankhula ndi akunja salephera kukhala ndi chifukwa. Anakhala zaka ali manja lende. Matipate atabwera anayamba kuyenda m'maofesi, kudzaza mafomu, kubwezedwa, kubwereranso, mpaka chiphaso chinatuluka. Aanti amati tsiku limenelo amalume anavina okha pakhonde, munthu woti ndi mkulu wa mpingo.

Iwo ndi anzawo a kalabu ya mawailesi anapanga chinthu chanzeru, ndisabise. Kompyuta ya amalume inkaimba foni m'mawa ndi madzulo ku kompyuta ina ya kukoleji, n'kukatenga makalata a imelo. Kenaka inkawamwaza pa wailesi, kudzera m'kabokosi kosandutsa malemba kukhala phokoso, kupita kwa anzawo a ku Zomba, ku Mulanje, ku Chikwawa, kumene foni imagwira ikafuna. Panalinso mndandanda wa anthu onse a kalabu: ukalemba kalata imodzi, imafika kwa aliyense. Mndandandawo ankautcha Bwalo, ndipo wosunga Bwalo anali amalume.

Nanga pa Bwalopo pankalembedwa zotani? Abale inu! Madala akuluakulu kukangana sabata zitatu za penti wopaka mlongoti. Katswiri wa mikanganoyo anali bambo wina amene onse ankangoti a Injiniya. Makalata awo ankayamba ndi "poyamba" n'kukafika "chachisanu ndi chiwiri" mfundo isanaoneke. Ndipo sankabisa kuti ankafuna Bwalo lisamukire kunyumba kwawo, poti iwo anali ndi foni ziwiri.

Ife kusukulu tinkaweruka dzuwa likadali pamutu. Ndikafika kunyumba, amalume kuntchito, aanti kumsika kogulitsa kaunjika, m'nyumba monse zii. Ine kukhala phee sinditha. Miyendo imandiyabwa, zala zimandiyabwa, ndimatsegula kabati n'kutsekanso popanda chimene ndikufuna. Ndinali nditapititsa kale patsogolo mawotchi onse a m'nyumba, ndiponso galu wa aneba ndinali nditamuphunzitsa kuuwa akamva nyimbo ya kwaya. Amalume anandipatsa kompyuta yawo yakale kuti ndiziphunzira kutaipa, poganiza kuti ndikhazikika. Koma m'kabati munali kabokosi kena kapadera, m'dirowa munali wailesi yam'manja, ndipo buku la malangizo linali pa shelefu likungodya fumbi. Mukanakhala inu mukanatani?

Zinanditengera masana anayi. Tsiku lachisanu ndinapeka nambala, ndinadzitcha Wapaphiri, ndipo kalata yanga yoyamba inauluka pa mphepo kuchoka kuchipinda changa kupita kuchipinda cha mawailesi, ulendo wa mapazi khumi, n'kumwazikira kwa onse.

Sindinatukwane munthu ine. Ndinkangochonga. Ife aphunzitsi amatichonga tsiku ndi tsiku, ndiye ndinaona kuti madala nawonso alaweko.

"A Injiniya: 3 pa 10. Mawu oyamba atalika. Mfundo sinapezeke. Lembaninso."

"A Tcheya: 6 pa 10. Mwayesetsa, koma izi munanenanso sabata yatha."

Amalume ndinawapatsa 8. Chibale n'fupa.

Bwalo linadzuka. Anthu amene anali asanalembepo chiyambire anayamba kulemba kuti aone apeza zingati. Dokotala wina wokhala ku Mangalande anachita kupempha kuti naye achongedwe. Amalume ankaseka mpaka kutsamwa pa tebulo.

"Ameneyu ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndikukuuzani," ankatero. "Mwina wa ku Mulanje. Dzanja lake likuchita kudziwika."

Ine ndinkangoweramira m'mbale, nditaluma mlomo.

A Injiniya okha sanaseke. Anakafufuza m'kaundula wa ziphaso n'kupeza kuti nambala ya Wapaphiri kulibe. Amalume atamva anaitsekera nambalayo kuti isalowenso pa Bwalo. Ine ndinangosintha chilembo chimodzi n'kubweranso mawa lake. A Injiniya: 2 pa 10.

Lachinayi lotsatira, amalume atangoweruka, kunabwera alendo awiri: a Injiniya ndi a Tcheya a kalabu, bambo wachikulire wolankhula mosathamanga. Ine ndi amene ndinabweretsa tiyi, ndipo ndinachedwa dala kuthira.

A Injiniya anatulutsa envulopu m'thumba la malaya n'kuiika pa tebulo. "Iyi ndi kalata yopita ku ofesi ya ziphaso. Ikunena kuti wailesi yanu ikunyamula mauthenga a munthu wopanda chiphaso. Lamulo mukulidziwa, achimwene. Wonyamula ndi amene amayankha."

"Ndinamutsekera," anatero amalume.

"Ndiye wabwerera bwanji?"

Amalume anayang'ana envulopu ija. Ndinaona dzanja lawo likupukuta pa bondo, kupukutanso.

A Tcheya anatsokomola. "Tisathamange. Tili ndi zida, tili ndi makutu. Loweruka timusake. Tikamupeza, dzina lolowa m'kalatayo likhale lake. Tikapanda kumupeza, a Injiniya, kalata yanu ipite Lolemba."

Kasakidwe kake anakafotokoza ndili pomwepo ndi tipoti m'manja. Aliyense adzatenga eriyo yam'manja yooneka ngati minga ya nsomba, imene ukailoza kumene kuli wailesi, phokoso limakula. A Injiniya adzaima pa Ginnery Corner, a Tcheya ku Limbe pafupi ndi siteshoni, amalume m'mbali mwa phiri la Soche ndi mapu. Wapaphiri akangotumiza kanthu, aliyense anene mbali imene eriyo yake yaloza, amalume ajambule mizere itatu. Pamene mizereyo yakumana, ndi pakhomo pa mbavayo. Nyambo yake: kalata yaitali ya a Injiniya, Loweruka m'mawa.

Lachisanu lonse m'kalasi sindinamve kanthu. Ndinathyola pensulo ziwiri. Wapaphiri akakhala chete, kalata ipita Lolemba. Akalankhula ali kuchipinda changa, mizere itatu ikumana pa denga la amalume, ndipo amalume eni ake ndi amene agwire rula. Uku moto, uku moto. Ndinazungulira bwalo la mpira katatu nthawi ya buleki, mnzanga wina mpaka kundifunsa ngati ndatsegula m'mimba.

Nzeru inabwera pa phunziro la Jogalafe. Wapaphiri akhale munthu wapaulendo. Alankhule akuyenda, atsanzike, azimiririke cha ku Limbe ngati wakwera basi ya kumalire. Madala aone okha kuti sanali wa m'tauni muno, a Tcheya anene kuti nkhani yatha, envulopu ibwerere m'thumba. Buku la malangizo linali litandiuza kale kuti kabokosi kaja kamatha kusunga mzere umodzi n'kumaubwereza kokha pakapita mphindi zingapo, popanda kompyuta.

Loweruka amalume ananyamuka m'mawa ndi mapu kukhwapa. Aanti anandipatsa ndalama kuti ndikagule tomato ndi usipa ku Limbe. Ndinalemba mzere wanga: "Wapaphiri akutsanzika. Ndapita, musandisake. A Injiniya: 4 pa 10, mwayamba kusintha." Ndinaika kabokosi, wailesi yam'manja ndi batire ya njinga yamoto m'chikwama cha kusukulu, pamwamba n'kuphimba ndi chitenje. Chikwama chinkalemera ngati ndabereka mwana wa zaka zitatu. Batire ndinalumikiza nditafika m'tauni, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, mpando wa pawindo.

Ndikulumbira, ndinkafuna ulendo umodzi wokha. Ndikafike ku Limbe, ndizule waya, ndigule tomato, ndibwerere.

Koma pa Ginnery Corner minibasi inaima kutsitsa munthu, ndipo ndinawaona. A Injiniya, ataima chilili pamwamba pa pikapu yawo, atavala tayi, zomvera m'makutu, eriyo m'manja ngati akudalitsa magalimoto. Nthawi yomweyo m'chikwama changa munati tswii. A Injiniya anadumpha. Eriyo inatembenuka, inafufuza, inaloza fakitale ina, kenaka minibasi itanyamuka inayamba kutitsata pang'onopang'ono, iwo akuzungulira nayo mpaka waya unawakulunga m'miyendo.

Ndinaseka mpaka misozi. Mayi amene ndinakhala nawo anasunthira kutali.

"Sisi, zili bwino?" anafunsa kondakitala.

"Ndakumbuka maliro osangalatsa," ndinatero.

Nditafika ku Limbe ndinagwira waya kuti ndizule. Zala zinakana. Munthu ungaone chinthu chokoma chotere kamodzi kokha? Ndinatsika minibasi iyi n'kukwera inayo yobwerera m'tauni. Ulendo uno ndinawapeza a Injiniya akukuwa pa wailesi yawo, dzanja lina likuloza ku Limbe, pamene ine ndinkawadutsa pamphuno kulowera kwina. Ndinabwereranso. Ndinabwereranso kachiwiri. Tomato anathera m'manja mwa makondakitala, usipa nawo chimodzimodzi. Msana unkawawa, batire inkatentha pa ntchafu, koma ndikangoona mphambano ya Ginnery Corner ikuyandikira, zonsezo ndinkaziiwala.

Zimene zinkachitika kuphiri ndinazimva pambuyo pake kwa aanti. Pa mapu a amalume mizere sinkakumana. Ikati ikumane ku Chichiri, yotsatira inkagwera ku Maselema, inayo m'tauni. Koma amalume mapu anali atasiya kale kuwayang'ana. Masiku onse aja makalata a Wapaphiri ankafika iwo ali kuntchito, ndipo ankangowawerenga pa kompyuta. Tsiku limeneli linali loyamba kumumva ndi khutu. Ndiye wailesi yam'manja ija inagwapo pansi kalekale, iwo anaikonza okha, ndipo chiyambire pamenepo isanalankhule imayamba yatsokomola kaye pang'ono. Ine sindinkadziwa. Anthu a mawailesi amazindikira wailesi ndi mawu ake monga mayi amazindikira kulira kwa mwana wake pakati pa ana makumi awiri. Amalume anaizindikira pa kulira koyamba penipeni.

Anakhala pa mwala ola lathunthu osanena kanthu. Akanatha kukhala chete mpaka madzulo. Koma a Tcheya anawaitana pa wailesi.

"Achimwene, kumtundako mukumva bwino kuposa ife. Pali chimene mwazindikira?"

Amalume anga sanama. Ndi matenda awo. Anayankha pa mphepo, anthu onse a kalabu akumva kuyambira ku Zomba mpaka ku Chikwawa: "Wailesi imeneyo ndi yanga."

Zotsalazo zinali zosavuta. Chinthu choyenda pakati pa tauni ndi Limbe, kuima apa, kuima apo, n'kubwereranso, mwana aliyense akuchidziwa.

Ulendo wachitatu wolowa mu depoti ya Limbe ndinali nditatsimikiza kuti uno wokha ndi womaliza. Ndinatsika, chikwama kumsana, n'kupeza anthu aunjikana. Pakati pawo panali madala atatu ndi minga zawo za nsomba, anyamata oitanira minibasi atawazungulira.

"Madala, mukusaka mfiti masanasana?"

"Imeneyo imagwira TV, bigi? Tionereko mpira!"

"Asiyeni, akuyeza mvula awa!"

Ndinati ndizembere kuseri kwa mayi wogulitsa nthochi. Chikwama chinati tswii. Eriyo zitatu zinatembenuka pamodzi, pang'onopang'ono, kudutsa minibasi, kudutsa nthochi, n'kuima pa ine.

Depoti yonse inaphulika. "Yapezeka mfiti! Ndi kamtsikana, aise!"

Amalume anatsitsa eriyo yawo. Sanakuwe. Anangobwera, n'kundivula chikwama, n'kutsegula, n'kuzula waya wa batire ndi zala ziwiri.

"Tomato ali kuti?" anafunsa.

"Sindinafikeko, amalume."

Mlandu unakambidwa m'tiyirumu ina kuseri kwa msika, pa tebulo lolendewera mwendo umodzi. Ine anandiimika pambali pa khoma. A Injiniya anatulutsa envulopu ija n'kuigogoda pa tebulo.

"Tsopano zaipiratu. Kale timati wailesi yawo imangonyamula. Lero tapeza kuti wailesi ndi yawo, kabokosi ndi kawo, batire ndi yawo, mwana ndi wawo. Kalata iyi ndiyenera kuiwonjezera."

"Chachisanu ndi chiwiri," ndinanong'ona. A Tcheya anamva, ndipo anabisa pakamwa ndi kapu.

"A Tcheya munanena kuti wopezekayo dzina lake ndi limene lilowe m'kalata," ndinatero mokweza. "Ndapezeka ndine. Lembani langa."

"Iwe, khala chete," anatero amalume.

"Boma silikukudziwa iwe," anatero a Injiniya. "Ulibe chiphaso choti akulande. Likudziwa mwini zida."

Apa mpamene miyendo yanga inasiya kuyabwa. Ndinali nditawerengera zonse, koma izi ayi. Ndinkaganiza kuti zikavuta ndingoimika dzanja ngati m'kalasi, ndilandire chibalo changa, basi.

A Tcheya anatembenukira kwa amalume. "Achimwene, muli ndi mawu?"

"Ndilibe. Dirowa sindinakhome. Chiphaso chimati zida zikhale m'manja mwanga, ndipo sizinali m'manja mwanga. A Injiniya sakunama. Kungoti chiphasocho ndinachidikira nthawi yaitali."

Ntchentche inatera pa envulopu, n'kuyenda mpaka kumapeto, n'kuuluka. Panja woitanira wina ankakuwa za Bangwe. A Tcheya anamwa tiyi wawo yense, mpaka shuga wa pansi.

"Mwanawe, unachitiranji zimenezi?"

"Makalata ankatalika, a Tcheya."

"Ine unandipatsa 6."

"Munali mutabwereza."

Anagwedeza mutu ngati akuvomera. Kenaka anaika dzanja pa envulopu. "A Injiniya, tiyeni tinene zoona. Kalatayi ikapita, kukabwera anthu a ofesi. Sakathera ku Nkolokosa kokha. Adzafuna kuona nyumba ya aliyense, waya aliyense, ndipo mwina adzafunsa kuti Bwalo analoleza ndani. Ena a ife tinawaonapo akubwera. Inu chimene mukufuna n'chiyani kwenikweni? Chiphaso cha mnzathuyu, kapena kuti Bwalo likhale pa malo otetezeka?"

A Injiniya anakonza tayi. "Ine ndikufuna dongosolo."

"Ndiye dongosolo nali. Bwalo lisamukira kwanu lero lomwe. Achimwene atseka mawailesi awo miyezi itatu, mwa kufuna kwawo. Kalata ndisunga ine."

A Injiniya anayang'ana envulopu, anayang'ana ine, anayang'ananso envulopu. Kenaka anaikankhira kwa a Tcheya ndi chala chimodzi.

Amalume anatulutsa mpweya umene ndikukhulupirira anaugwira kuchokera kuphiri.

Masana omwewo pikapu ya a Injiniya inaima pakhomo pathu ku Nkolokosa. Amalume anazula okha mawaya a kompyuta ya Bwalo, mmodzimmodzi, akumata kapepala pa aliyense kuti a Injiniya asadzasokoneze. Anailera zaka ziwiri kompyuta imeneyo, kuidzukira m'mawa uliwonse, ndipo anainyamula okha mpaka m'galimoto, osalola munthu kuwathandiza. Ine anandipatsa ntchito yonyamula mabuku. Aanti anaima pakhomo la khitchini akundiyang'ana ndi diso lakuti tionana, ndipo tinaonanadi: mwezi wathunthu ndinachapa mabelo a kaunjika mpaka zala zinasuwa.

Pikapu itapita, amalume anakhoma kachipinda kaja, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Anakhala pakhonde. Ine ndinkangozungulira, kuchoka pampopi kupita pageti, pageti kubwerera pampopi, kudikira kuti andikalipire tithane nazo.

"Bwera kuno."

Ndinapita n'kugwada.

"Ukudziwa chimene ukanandichita?"

"Ndikudziwa, amalume. Chiphaso chokhacho ndiye pepani. Pepani zenizeni."

"Chokhacho? Nanga zinazo?"

Ndinaganiza zonama, koma m'nyumba imeneyo bodza limachita kuoneka ngati mbuzi m'tchalitchi. "Zinazo ayi. Mukanawaona a Injiniya pamwamba pa pikapu paja, waya atawakulunga m'miyendo..."

"Choka apa," anatero amalume. Koma anachedwa kutembenuza nkhope, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Chiphaso chilipo mpaka lero. Miyezi itatu itatha anatsegula kachipinda kawo, ndipo woyamba kulankhula naye anali munthu wa ku Brazil amene sankadziwa n'komwe kuti kunachitika kanthu. Bwalo lokha silinabwerere, likadali kwa a Injiniya. M'nyumba muno tsopano dirowa iliyonse ili ndi loko, ndipo kompyuta yanga anaichotsa mabowo onse olowetsa mawaya. Ndikulembera pa yomweyo. Kunja dzuwa likadali pamutu, aanti abwera mochedwa, ndipo aneba athu agula belu latsopano la pageti.